Ndiwachotse Apongozi M'gulu la Sayansi?

Aphungu,

Lamulo loyamba la gulu lathu limanena mosapita m'mbali: "Gulu lino ndi la aphunzitsi a sayansi okha, ndipo muno muzikambidwa za sayansi basi." Ndinalilemba ndine, poti ndine woyang'anira. Timalemberana pa imelo, mmodzi akalemba zimafika kwa tonse. Wophwanya lamulo timamuchenjeza, akapanda kumva timamuchotsa.

Vuto langa ndi lakuti wophwanya wamkulu ndi apongozi anga, bambo awo a mayi akunyumba, omwe anapuma pantchito ataphunzitsa fiziki mpaka imvi. Ndinawalowetsa ndekha ndili pachibwenzi, pofuna kuoneka mnyamata waulemu.

Mwezi watha mphunzitsi wina wachitsikana anafunsa chochita, poti timapepala toyezera asidi tatha ku labu kwawo. Asanayankhidwe, apongozi analemba kuti: "Anzanga, kodi pabedi mwamuna azigona kukhoma kapena kumphepete?"

Aphungu, anthu omwe sayankha ngakhale uthenga wa maliro anadzuka onse. Mayi Chule, a bayoloje omwe amasunga achule m'mabotolo, anati mwamuna agone kumphepete chifukwa akamakula amadzukadzuka, ndipo anafotokoza za chikhodzodzo mpaka tinachita manyazi. A Magalasi, a fiziki, anajambula chipinda chonse ndi mivi yake, kusonyeza liwiro la mbava kuchokera pachitseko kufika pabedi. Wina anabwereka choyezera kutentha cha ku labu kuti akayeze khoma, akazi ake n'kuchigonera, chinasweka. Atalemba zomwe anapeza, anzake m'gulumo anamukalipira: "Iwe, wayesa pa mkazi mmodzi yekha, ndiye ukufuna tikhulupirire?"

Kenako apongozi anayamba kufotokoza mmene amagonera ndi apongozi aakazi. Ndinawerenga ndili m'chipinda cha aphunzitsi, foni ndinaivundikira patebulo ngati yanditentha. Ndinalemba mwaulemu: "Akuluakulu, tibwerere ku sayansi." Iwo anayankha kwa tonse: "Mkamwini, iwe usavutike kuyankha. Mwana wanga anandiuza kale kuti umagona kukhoma chifukwa umaopa makoswe." Lero kusukulu ngakhale mlonda amanditchula a Kukhoma.

Ndinaletsa macheza onse. Gulu linangoti zii ngati kalasi ya mayeso, funso la mtsikana uja osayankhidwa. Apongozi atayambiranso, mtsikanayo anafunsanso pakati pa mkangano wa bedi, ndipo tsiku lomwelo anthu anamuuza kuti afinye maluwa ofiira, madzi ake amasintha mtundu mu asidi. Izi zandisokoneza mutu.

Tsopano a Magalasi akuti lamulo ndi lamulo: ndiwachotse apongozi lisanafike Loweruka, apo ayi nditule pansi udindo. Mayi akunyumba akuti: "Mukawachotsa bambo, nkhani ya khoma yatha, chifukwa muzigona pansi pamodzi ndi makoswe anuwo."

Ndakulowetsani m'gululo kuti mudzionere nokha. Nditani?

W.K., mphunzitsi wa kemistri

A W.K.,

Musawachotse. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo mkhate apa ndi banja lanu. Pepani potchula khoswe.

Apongozi anu sakuchita mwano. Munthu amene moyo wake wonse ankaima kutsogolo n'kufunsa funso, ana n'kukweza manja, lero amadzuka n'kupeza nkhuku zokha pakhomo. Kalasi yomwe yawatsalira ndi inuyo. Mukawatsekera kunja ayamba kubwera kunyumba kwanu ndi mafunsowo, ndipo kumeneko mulibe batani lochotsera munthu.

Komanso yankho mwalilemba nokha. Mutaletsa macheza, palibe anatsegula imelo. Anthu amabwera kudzaonera ndewu, sayansi amaipeza panjira. Koma mtsikana uja anadikira mwezi ana ali pa labu osayesa kanthu, ndipo zimenezo si zoseketsa. Choncho ikani lamulo latsopano lalifupi: pakakhala funso la ntchito losayankhidwa, bedi lidikire. Mudzaona mmene azidzathamangira kuyankha za asidi kuti abwerere kuchipinda.

Apongozi apatseni mpando. Lachisanu lililonse azibweretsa funso lawo, pamutu pa uthenga alembepo "Macheza" kuti wosafuna azidumpha. Munthu wopuma pantchito mukamupatsa udindo amasanduka wapolisi. Ndi iwo omwe azidzathamangitsa oyambitsa za mpira Lolemba.

Zimenezi musawauze pa imelo. Valani jekete, mupite kwawo ndi mayi akunyumba, ndipo mayiwo ayambe kulankhula. Muli panjira muwafunse modekha kuti za makoswe zinatuluka bwanji m'chipinda, chifukwa pamene pakudontha ndi pamenepo, osati pa gulu.

A Magalasi asakuopseni. Ndachiona chithunzi chawo cha mbava. N'chokongola, ndipo anachikonza kawiri atadzudzulidwa kuti zenera analiiwala. Auzeni kuti ngati lamulo ndi lamulo, muyambira pa wojambula. Loweruka lidzadutsa mwakachetechete.

Chenjezo langa ndi ili: musayerekeze kulemba uthenga wodziteteza. Mukangoti simuopa makoswe, anthu amenewa afuna umboni, ndipo Mayi Chule ali ndi mabotolo opanda kanthu. Dzina la a Kukhoma livomereni, lizirala lokha. Mukakwiya mudzafa nalo.

Musanachotse kapena kukweza aliyense, onaninso bwino anthu omwe muli nawo. Mmawa uno uthenga womwe wayankhidwa kwambiri m'gulu lanu ndi wa kalipentala. Akutsatsa mabedi oika pakati pa chipinda, osagunda khoma lililonse, ndipo a Magalasi aitanitsa kale limodzi.

Phungu wanu