Ndinadikira Saundi Khadi

Nsaru,
Lilongwe.
9 Okutobala, 2011.

Okondedwa alongo anga a Ireen,

Choyamba ndifunse za moyo wanu kumeneko ku Cape Town, inuyo, alamu a Januario ndi kamwana kanu Hannah. Ndikhulupirira kuti Mulungu akukusungani. Kuno tilipo. Amayi miyendo ikuwavutabe, koma ku Chigwirizano sakujomba. Mlamu wanu Febe ali bwino. Kwatentha kwambiri, anthu ali kalikiliki kulima mizere, ndipo nazale za fodya kudambo zamera.

Ndalemba kalata chifukwa pa foni ndalephera. Chimwalirireni abambo mwandiimbira katatu kufunsa za CD ya nyimbo zawo, ndipo katatu konse ndakuyankhani kuti ndikumalizitsa. Alongo, ndinkanama. Palibe chimene ndinkamalizitsa. CD ili mu envulopu momwemu, koma musaiike m'makina musanawerenge mpaka kumapeto.

Mukukumbukira kuti mu Malichi munawauza abambo pa foni kuti kutchalitchi kwanuko mumaimba nyimbo za m'buku zomwezi, koma maimbidwe ake ndi ena, ndipo akale a kwathu aja ayamba kukuthawani m'mutu. Nkhaniyi inawasowetsa mtendere. Munthu wayambitsa nyimbo zaka makumi atatu pa nyumba ya mapemphero ya kwathu, ndiye mwana wake weniweni aiwale? Analemba nyimbo khumi ndi zinayi pa pepala, n'kunena za ine kuti Dyson ali ndi kompyuta, andijambule kuti Nambewe azimvera ndi kuphunzitsa mdzukulu wanga. Mukudziwa kuti dzina loti Ireen sankalitchula, kwa iwo munali Nambewe basi.

Kashopu kanga simunakaonepo. Ndi kachipinda kamodzi kuseri kwa msika, mmene ndimaikira anthu nyimbo m'mafoni ndi kubena ma CD. Kompyuta yake ndi yakale, ya bokosi loimirira pansi pa tebulo.

Mundilole ndifotokoze pang'ono za makinawa, chifukwa mlandu wanga wagona pamenepa. Kompyuta imabwera ndi zolowetsera ndi kutulutsira mawu zomatiratu pa bolodi yake mkatimo. Kumbuyo kwake kuli timabowo, kobiriwira ka sipika ndi kapinki ka maikolofoni. Pomvera nyimbo zimenezi zimakwana, ndipo ndadyera zomwezo zaka zitatu osadandaula. Koma palinso kachipangizo kogula padera, amati saundi khadi. Umatsegula bokosi lija n'kuilowetsa mkati. Iyo ntchito yake ndi mawu okha, ndiye imajambula zoyera, zopanda phokoso la magetsi. Munthu amasankha yekha, kaya agwiritse ntchito zimene zilipo kale, kaya agule khadi.

Abambo anabwera Lachiwiri lina mu Epulo, pa njinga, atavala jekete lawo la Lamulungu. Ndinawaseka kuti maikolofoni ilibe maso. Anandiyankha kuti womvera amadziwa ngati woimbayo wavala mwaulemu kapena ayi. Ndinawakhazika pa mpando, ndinalowetsa waya mu kabowo kapinki kaja, iwo n'kuyamba.

Sanapite patali, ndinawaimitsa. M'mahedifoni ndinkamva kulira kwina pansi pa mawu awo, ngati njuchi zotsekeredwa m'ndowa. Ndinawaveka mahedifoniwo kuti adzimvere okha. Anamvetsera kanthawi, n'kunena kuti iwo akumva munthu akuimba, njuchizo ndi zanga. Anati kutchalitchi amaimba mvula ikugunda malata, ana akulira, mbuzi zili pakhomo, ndipo palibe tsiku limene anaimitsapo nyimbo kuti adikire bata.

Ine ndinakana. Paja kuyambira tili ana munkanditcha nkhutukumve, ndipo sindinasinthe.

Mawa lake ndinapita m'tauni kwa Kingsley, mnzanga wokonza makompyuta. Apa muweruze bwino, chifukwa iyeyu sindingamunamizire. Anandiuza poyera kuti pojambula mawu a munthu mmodzi, za pa bolodi n'zokwana. Anati nditalikitse waya wa maikolofoni ndi mawaya a magetsi, abambo ayandikire pakamwa, ndipo phokosolo lichepa ndithu. Khadi anaivomereza kuti ndi yabwino, koma yokwana kompyuta yangayi analibe. Inafunika kuitanitsa ku Joni, ndipo tsiku lofikira sakanalonjeza. Kenaka anafunsa zaka za madalawo. Nditamuuza kuti 74, anati akanakhala iye akanajambula mawa lomwe.

Ndinamuuza kuti aitanitse.

Ndakhala ndikudziuza kuti ndinkafuna inu mulandire chinthu chabwino. Zimenezo n'zoona, koma theka chabe. Theka linalo ndi lochititsa manyazi. Ndinkafuna makwaya a ku Kabudula, ku Nambuma mpaka ku Mpingu adzamve CD ya abambo n'kufunsa kuti wajambula ndani. Ndinali nditaganiza kale zolemba mawu oti situdiyo pa chitseko. Ndinkaopa kuti chinthu choyamba kutuluka m'manja mwanga chikakhala cholira, anthu pamsika pano andiseka. Ndi ndevu zangazi, ndinaopa kusekedwa ndi akabaza.

Abambo anabweranso kawiri. Ulendo wachiwiri anasiya fodya wosasankha m'chigafa n'kupalasa mtunda wonse uja. Nditawauza kuti khadi sinafike, anakhala pa benchi, anamwa tiyi, n'kundifunsa ngati khadiyo ikubwera wapansi kuchokera ku Joniko. Tinaseka tonse.

Ulendo wachitatu, kumapeto kwa Meyi, sanaseke. Anati pakhosi payamba kuwauma, nyimbo zokwera sakuzifikanso ngati chaka chatha, bwanji tingojambula ndi njuchi zomwezo. Ine ndinati adikire sabata imodzi yokha. Anapinda pepala lija n'kulibwezera m'thumba la jekete. Anangoti chabwino, mwini makina ndiwe. Ndinawaperekeza mpaka pamsewu, ndikudziona ngati munthu wodziwa ntchito yake.

Zimene zinachitika pa 11 Juni mukuzidziwa. Anagwa m'chigafa m'mawa, mbali ya kumanja inafa, ndipo potuluka kuchipatala mawu analibe. Chimene simukudziwa n'chakuti patangopita masiku anayi chitulukireni, Kingsley anaimba foni kuti khadi yafika.

Ndinakaitenga. Ndinatsegula bokosi, ndinailowetsa, ndinavala mahedifoni n'kuyatsa maikolofoni. Kunali zii. Njuchi zonse zinali zitapita, moti ndinkamva nkhuku ikupalasa kuseri kwa shopu. Chimene ndinkalimbira chija ndinachipeza, ndipo ndinakhala pansi n'kulira ngati mwana.

Madzulo a tsikulo ndinapita kumudzi. Ndinawanong'oneza amayi za khadiyo poganiza kuti abambo ali m'tulo. Koma iwo anatsegula maso, ndipo ndi dzanja lamanzere analoza jekete pa msomali. Amayi anakana, anati munthu wodwala chonchi sangagwedezedwe pamsewu. Abambo analozabe, misozi ikutsika, mpaka amayi anagonja. Kumudzi magetsi kulibe, apo ayi ndikananyamula kompyuta. Mawa lake tinabwereka ngolo, tinayalamo matiresi, n'kubwera nawo ku Nsaru atavala jekete lawo.

Tinawakhazika pa mpando womwe uja, amayi atawagwira mapewa. Ndinawaikira buku la nyimbo pamiyendo n'kuyamba kujambula. Anakweza chibwano n'kukoka mpweya monga ankachitira asanayambitse nyimbo. Pakamwa panatseguka, koma panatuluka mpweya wokhawokha. Anayesa katatu. Ndinatambasula dzanja kuti ndizimitse, koma amayi anandiyang'ana ndi diso lawo lija, ndipo ulendo uno sindinaimitse munthu.

Kenaka ndinamva kugogoda m'mahedifoni. Chala chawo chakumanzere chinkamenya chikuto cha buku, go, go, go, monga ankachitira kutsogolo kwa mpingo kuti anthu asathamangitse nyimbo kapena kuikoka. Amayi anaizindikira msanga. Inali yoyamba pa pepala, ija ankakuimbirani pokuperekezani kukakwera basi masiku a ku sekondale. Anagogoda mavesi onse anayi, akuima paliponse pamene woimba amapumira. Amayi sanaimbe nawo. Pambuyo pake anandiuza kuti malowo sanali awo. Abambo atamaliza anayala dzanja pa buku n'kutseka maso, ndipo tinabwerera nawo kumudzi. Patapita masabata awiri anatisiya.

Kingsley akuti za pa bolodi zikanameza kugogodako, khadi ndiyo yakutola bwino. Akunena zoona, ndipo akunenera kunditonthoza. Koma ine ndikudziwa kuti ndikanamumvera poyamba paja, bwenzi lero muli ndi nyimbo khumi ndi zinayi.

Mu Ogasiti, ndikufufuta zakale mu kompyuta, ndinapeza kafayilo kamene ndinakatcha kuti kuyesa. Ndi ka tsiku loyamba lija, ndinaiwala kukachotsa. Kutalika kwake ndi mphindi imodzi ndi theka. Ndakhala nako miyezi iwiri osauza munthu, ngakhale Febe. Ndinkakamvera ndekha shopu ikakhala yopanda makasitomala, kenaka inu mukaimba n'kumakunamizani.

Ndiye pa CD imene mwalandirayi pali zinthu ziwiri zokha.

Choyamba ndi kafayilo kameneko. Mumva njuchi, kenaka abambo akutsokomola n'kunena kuti, Nambewe, ndine bambo ako, ngati ukundimva khala pansi. Aimba nyimbo yoyamba pa pepala yomwe ija, vesi loyamba lonse ndi mzere umodzi wa lachiwiri. Kenaka mumva mawu ena akuti, basi taimani kaye, zikulira. Ameneyo ndine. Ndikanatha kudula pamenepo, si ntchito yovuta, koma ndasiya dala. Muyenera kumumva munthu amene anawadula abambo anu pakamwa.

Chachiwiri ndi cha tsiku la ngolo. N'choyera monga ndinkafunira, mulibe phokoso ngakhale pang'ono. Muli mpweya wawo ndi chala chawo basi.

Alongo, kumaliro simunabwere chifukwa cha mapepala, ndipo ndikudziwa kuti CD imeneyi munkaiyembekezera m'malo mwa nkhata imene simunaike pamanda. Ndakulandani chinthu chimene sindingabweze. Sindikupempha kuti munene kuti palibe kanthu, chifukwa kanthu kalipo. Ndikupempha kuti mundikhululukire, ngati si chaka chino, chaka china. Ngati mwakwiya, imbani mundikalipire mmene mungathere, ndimvetsera mpaka mutope. Chokhacho musandikhalire chete. Ndikuopa zimenezo kuposa mawu aliwonse amene munganene.

Pepala la abambo lija amayi analitulutsa m'jekete tisanawaveke pa tsiku la maliro, ndipo ndaliika mu envulopu momwemu. Mwa nyimbo khumi ndi zinayizo, amayi akudziwa maimbidwe akale a khumi ndi imodzi. Ndayamba kuwajambula Lachinayi lililonse akachokera ku Chigwirizano. Sabata yatha anabwera ali ndi chimfine, chigayo cha kuseri chikulira, ndipo ndinajambulabe. Zitatu zimene ndaika chizindikiro, kuno palibe akuzikumbukira bwino, ngakhale akuluakulu a mpingo akutsutsana. Abambo ankati inu munali ndi khutu kuposa tonsefe. Ngati zikadalimo m'mutu mwanu, ngakhale theka, ziimbireni mu foni yanu yomweyo, kaya m'khitchini mwa abwana, kaya Hannah akulira kumsana, n'kutumiza memore khadi ndi wa basi. Musadikire kuti pakhale bata.

Pempho lomaliza ndi ili. Mukapeza tsiku lopuma, mumutenge Hannah, mukhale pansi monga abambo akunenera. Mumvere choyambacho. Mawu anga akangowadula, musazimitse, mulole chachiwiri chiyambe. Mukamva akukoka mpweya kachitatu, mukonzeke, ndipo chala chikangogunda buku muyambe kuimba. Ine ndayesa, koma ndimathamanga ndipo vesi lachitatu sindilifika. Amayi akuti malowo abambo anasiyira inu. Vesi loyamba akuphunzitsani ndi pakamwa, otsalawo akuperekezani ndi chala mpaka kumapeto.

Mupereke moni kwa alamu a Januario, ndipo mumuuze Hannah kuti amalume ake akumufuna. Amayi akuti muzivala zofunda, amva kuti kumeneko mphepo siitha. Febe akupereka moni wambiri. Mulungu amene anasunga abambo zaka zonse zija akusungeni inunso kuchilendoko, mpaka tidzaonane maso ndi maso.

Ndine mlongo wanu wolakwa,

Dyson Mbewe