Yoga Pamaso pa Apongozi

Lachinayi madzulo. Lero landiipira.

Alangizi a kuchipatala, amene ndimawafotokozera za mantha anga chisefukireni madzi kuno kwa Mlolo, anandiphunzitsa yoga, masewero oongola thupi ndi kupuma mofatsa. Akuti kuyankhula kokha sikukwanira, thupi nalonso limasunga mantha.

M'nyumba munatentha ngati ng'anjo, ndiye ndinayala mphasa kuseri. Nditawerama, manja pansi, matako m'mwamba, apongozi aamuna anatulukira, nkhafi ili paphewa. Anatembenuka n'kubwerera.

Akazi awo ndiye sanandisiye: "Mayi a Rute, mpaka kuweramira apongozi anu? Kwanu kulibe mwambo?"

Ndinagwada n'kupepesa. Chondipsetsa mtima n'chakuti pamphasa pomwepo m'pamene chifuwa chinayamba kumasuka, koyamba chigwereni nyumba yathu. Nanga mawa ndikaweramire kuti, kudimba?