Ndinapereka Tausi m'sewero

Maganga, Salima
14 Meyi 1951

Alamu anga a Bwanali,

Salaamu aleikumu. Kuno tilipo, mpunga ukucha. Kaya inu ku Halaleko?

Paja ine nthano ndinkasimba ndekha, koma anzanga ovina beni anandikokera m'timasewero tawo toseketsa anthu pa maukwati. Mawu sitipangana ayi. Lamulo ndi limodzi: chimene mnzako wayambitsa usakane, uwonjezerepo. Akati ndiwe ng'ona, ukwawe basi.

Ndiye Lamulungu la sabata yatha, sewero lili mkati, Twaibu msodzi uja anandigwadira nati, "Bambo, ndipatseni mwana wanu Tausi." Pakamwa panga mumapadziwa. Ndinati, "Tenga, ndi mbuzi yomwe!" Anthu anaseka mpaka misozi.

M'mawa mwake amalume ake a Twaibu anafika atavala mkanjo. Sankaseka. Akuti mudzi wonse ndi mboni. Tausi naye sakukana, ndipo masiku ano akumasanza m'mawa. Zimenezo tidzakambe pamaso.

Mwini mbumba ndinu, ine ndine mkamwini chabe, ndapereka chosakhala changa. Ndawapempha a kwa Twaibu adikire mwezi uoneke. Bwerani msanga, koma mukatsika sitima muyambe mwaonana ndi ine, musanakumane ndi alongo anu, mayi ake a Tausi.

Ndine mlamu wanu wosowa mtendere,
Ajibu