Mzere wa Khai m'Kaundula wa pa Chipata

Lolemba, 11 Novembala

Ndani analamula kuti kamera iliyonse yotuluka m'dziko muno izilembedwa pamanja m'kaundula? Chaka chino? Makompyuta awiri patebulo, onse ofunditsidwa nsalu. Anthu khumi ndi atatu pamzere, wodandaula palibe. Dziko lino lidzasintha tonse titafa.

Basi yandisiya. Inadikira theka la ola, kenako dalaivala anatsitsa chikwama changa n'kupitirira ulendo wa ku Laos.

Katundu: kamera, malenzi awiri, miyendo yake, maikolofoni, mabatire anayi. Zonse zadutsa kupatula kamerayo. Wa kasitomu, bambo waimvi, dzina pachifuwa Tuyen, anawerenga nambala yake kawiri n'kukatenga kaundula wina wakale. "Mwanawe, kamera iyi inatuluka kale. Sinabwerere." Ndinaseka. Iwo ayi.

Lachisanu m'mawa ndiyenera kukhala ndili kumunda wa khofi ku Laos, kukajambula tsiku loyamba kukolola. Ntchito yanga yoyamba yeniyeni chimalizireni sukulu. Zaka ziwiri zojambula maukwati zakwana. Ndikapanda kufika aipereka kwa Phong wa m'kalasi mwathu, amene sadziwa n'kuimika kamera mowongoka komwe.

Ndapeza chipinda kuseri kwa kanyumba ka tiyi, moyang'anana ndi chipata cha malire. Nkhungu kuyambira m'mawa.

Lachiwiri, 12 Novembala

Andionetsa mzere wa kamerayo m'kaundula wakale uja. 3 Disembala 2013. Dzina: Trinh Khai. Nambala ndi yomweyo, ndafananiza ndi chala, imodziimodzi. Danga la kutuluka anasaina. Danga la kubwerera lili mbee. Kumene ankapita: mudzi womwewo umene ndinalemba ine pafomu yanga dzulo.

Ndinati mwina anabwerera pachipata china. A Tuyen: "A digiri, mukuyesa sitinafunse? Zipata zonse tinafunsa. Munthu ayi, kamera ayi."

Ndinaigula mu Ogasiti ku Da Nang, pakashopu ka zakale kuseri kwa msika. Theka la mtengo, ndipo ndinadzitama sabata yonse. Risiti ndili nayo. Nambala ya parisitipo ndaimba kasanu. Wina akuyankha koma osalankhula. Kukungomveka madzi, ngati waima m'mbali mwa mtsinje.

Kamera aitsekera m'kabati ya mu ofesi. Tsiku lathunthu lapita pachabe chifukwa cha buku lodyedwa ndi mphemvu.

Lachitatu, 13 Novembala

Mayi wa tiyi dzina lake Ngat. Wamng'ono thupi, wosalankhulalankhula. Madalaivala a malole akamakhala pansi amamufunsa, "Alamu, lero abwera?" Iye: "Akadzabwera udzamwa waulere. Lero lipira, mbava iwe." Onse kuseka. Ndimayesa nthabwala wamba.

Mmodzi wa iwo wandinong'oneza lero. Khai ndi mwamuna wake. Ngat anali mphunzitsi ku Dong Ha, anasiya ntchito n'kudzatsegula kanyumbaka. Abale a mwamunayo akufuna kuika chithunzi chake paguwa la makolo, amufukizire lubani ngati womwalira. Iye akukana. Akuti malinga ngati danga lija lili mbee, mwamuna wake ali paulendo. Mwezi uliwonse amalowa mu ofesi kukaona mzerewo.

Ndiye kuti chiyambire Lolemba akudziwa kuti amene akumuthirira tiyi ndiye wabwera ndi kamera ya mwamuna wake.

Masana anandiperekeza ku ofesi. A Tuyen anatulutsa kamera. Ngat sanaikhudze. Anangoloza palamba, pamene pali ulusi wofiira. "Apa ndinasoka ine." Miyezi itatu ndakhala ndikukoloweka lamba ameneyo m'khosi mwanga.

Kenako: "Mng'ono wanga, mkatimo munalibe chithunzi chilichonse?" Munalibe. Khadi losungira zithunzi ndinagula langa.

Chimene sindinamuuze: wotchi ya kamerayi ndikaikonza, m'mawa mwake imakhala itabwerera ku Disembala 2013. Ndi kabatire kam'kati, katha mphamvu. Aliyense wodziwa makamera anganene chomwecho. Ndi kabatire basi.

Ndasamba m'khosi kawiri.

Lachinayi, 14 Novembala, m'mawa

Uthenga wa bwana wa kampani ya khofi: "Uli pati? Phong ndi wokonzeka."

A Tuyen anandiitana ndisanamalize kudya. Akuti njira zilipo ziwiri.

Yoyamba: ndisaine padanga la Khai kuti kamera yabwerera lero, m'manja mwanga. Atseke mzere wake, atsegule wanga, andipatse pepala la chidindo. Mphindi zisanu. "Koma mzere ukatsekeka ndiyenera kulembera abale ake kalata. Katundu wabwerera, mwiniwake ayi. Sabata isanathe chithunzi chikwera paguwa."

Yachiwiri anainena akuyang'ana kudenga. "M'buku langa kamera iyi ili kunja. Chimene chili kunja kale ndingachiletse bwanji kutuluka?" Ndidutse nayo osalembedwa, pamzere wa Khai. Pepala palibe. Kutsidya akandifunsa ndili ndekha, ndipo pobwerera akhoza kundilanda.

Ndinawafunsa kuti amalume, mukanakhala inu mukanatani? "Ine ndimangolemba, mwanawe. Zaka makumi atatu. Otuluka amachuluka kuposa obwerera. Pang'ono chabe, koma chaka ndi chaka."

Nzeru ikuti saina. Munthuyo anafa, aliyense akudziwa. Zaka zisanu ndi chimodzi mphunzitsi wathunthu akutsuka makapu a madalaivala chifukwa cha kadanga kosakwana chala. Kusaina n'kumumasula. Zimenezi ndizo ndakhala ndikunena chiyambire kusukulu, kuti dziko lino limakonda kudikira kuposa kukhala ndi moyo.

Nanga bwanji sindinasaine pomwepo?

Basi ina ifika 2 koloko.

Lachinayi lomwelo, m'basi

Msewu woipa, zilembo zikupindika.

Ndikulongedza, Ngat anabwera ndi mpunga womata wokulunga m'masamba a nthochi. Timitolo tiwiri. Ndinati achemwali, ndili ndekha. "Ndikudziwa." Ndinamubwezera kachiwiriko, iye osalandira. Sanandipemphe kalikonse, za kusaina kapena kusasaina. Bola akanandipempha, ndikanapeza pokanira.

Ndinalowa mu ofesi nditatsimikiza mtima kuti ndisaina. A Tuyen anatsegula kaundula, n'kundipatsa cholembera. Mizere yonse patsamba limenelo ndi yotseka, wa Khai wokha. Pepala lachita chikasu koma kadangako n'koyera ngati lagulidwa dzulo.

Ndinakweza maso. Pawindo, Ngat ataima panja m'nkhungu, thaulo la makapu paphewa. Sankayang'ana ine. Ankayang'ana msewu wochokera kutsidya, monga amachitira basi ikayandikira.

Dalaivala anaimba hutala kawiri.

Ndinabweza cholembera osalemba kanthu. Ndinatenga kamera patebulo, ndinanyamula timitolo tonse tiwiri, n'kudutsa chipata.