Galasi limodzi kapena awiri, poti ndikubwerera pamwala wa uzimba?

Aphungu,

Ndineneretu kuti dzanja limene likulemba apa si langa. Ine sukulu sindinapondeko, ndipo sindichita nazo manyazi. Ndikuyankhula, amene akutayipa pa foni ndi Eveless, mwana wa kwathu wogwira ntchito m'nyumba mwa bwana. Ndamuuza kuti asakometse mawu anga.

Ndine mlonda wa pageti ku Al Waab kuno ku Doha, chino ndi chaka chachisanu ndi chimodzi. Kontilakiti ikutha mu Ogasiti ndipo sindisainanso ina, khalas, zatha basi. Ndikupita kwathu ku Neno.

Kwathuko ine ndinali maso a uzimba. Za m'tauni sizimva zimenezi, ndiye ndifotokoze. Chilimwe udzu ukapsa, nguluwe zimene zimatikumbira chinangwa zimasowa pobisala. Amuna ndi agalu amatsikira m'khwawa, koma munthu mmodzi amakwera pamwala waukulu wa pamwamba pa phiri. Ameneyo sagwira mkondo. Ntchito yake ndi kupenya basi. Akaona tchire likugwedezeka mosiyana ndi mphepo, amakweza nsalu yofiira n'kuloza kumene nyama yalowera. Nyama ikagwa, chiwindi ndi chake, palibe wokangana naye. Zaka makumi awiri ndi zitatu chiwindi chimenecho chinkalowa m'nyumba mwanga.

Kuno ndimangokhala pampando, kuyang'ana geti ndi khoma loyera. Anzathu oyandikana nawo akamawotcha nyama, utsi ukandipeza, mtima umathawira kuphiri, ndimachita kumva agalu akuuwa m'khwawa.

Mwezi watha a Walije, mnzanga amene ndasaka naye kuyambira tili anyamata, ananditumizira mawu pa foni. Akuti pamwala pakukwera Fraser, mwana wa mlongo wawo, ndipo chaka chatha anathamangitsa gulu lonse kawiri chifukwa cha chitsa. Pomaliza anati, "Achimwene, bwerani, mwala wanu ulipo. Takalamba ife, tisafe tisanasakenso limodzi." Mawu amenewo ndawamvera mobwereza mpaka Eveless wawaloweza.

Tsono nkhani ndi iyi. Nyengo yozizira bwana amanditenga kuchipululu kukalondera matenti iye akamasaka ndi akabawi ake oweta. Ali ndi chipangizo cha galasi limodzi, amati sikopu, choima pa miyendo itatu. Tsiku lina anati ndisuzumire. Ndinaona ngamila imene ndi maso inkaoneka ngati nyerere, mpaka chingwe cha m'khosi mwake. Ndinamuuza kuti nanenso kwathu ndine mlenje. Nyama yake sindinaitchule, kuno kwa Asilamu nguluwe sitiitchula. Koma mumtima ndinati, ichi ndikakwera nacho pamwala, Fraser akapume.

Tsiku la ofu ndinapita ndi Eveless kushopu ina cha ku Al Asmakh. Anandionetsa sikopu yokuza kamakumi asanu ndi limodzi, ndi mabainokula akuluakulu okuza kamakumi awiri. Mabainokulawo sanandisangalatse. Nsanja ya mzikiti imene ndinaloza inkavina, komanso galasi la kumanzere linali ndi nkhungu. Ndinauza wa shopu kuti ndi lakuda. Anapukuta kawiri, kenako anabweretsa ena atsopano a m'katoni, nawonso chimodzimodzi, kumanzere nkhungu. Eveless atayang'ana anati konse kukuwala bwinobwino, koma iyeyo ndi mwana wa dzulo, galasi labwino angalidziwe bwanji? Sikopu ndiye inalibe vuto. Ndinatsinzina diso la kumanzere, kuyang'ana ndi la kumanja, zonse mbee. Kungoti ndi yolemera, ndipo njira ya kumwala pena imafuna manja onse awiri.

Chibwerereni kushopu, Eveless akungondivuta kuti ndipite kuchipatala cha maso. Aphungu, sindinalembe kalata ino kudzafunsa za chipatala. Maso awa adyetsa mudzi. Ndiuzeni chimodzi: ndigule sikopu kapena mabainokula?

N.W., Doha

Bambo N.W.,

Kalata yanu yandikweza pamwala umene sindinauonepo, zikomo. Ndiyamba ndi zimene mwafunsa, kenako ndinena zimene mwandiletsa.

Sikopu musagule. Imamuyenera bwana wanu chifukwa chipululu ndi chathyathyathya, iye amafika pa galimoto, ndipo chimene akuyang'ana chili kutali kwambiri. Sikopu imakuonetsani kadera kakang'ono ngati mukusuzumira m'bango. Nguluwe yothamanga m'khwawa idzatuluka m'galasimo musanakweze n'komwe nsalu, inu muli kalikiliki kutembenuza miyendo itatu ija. Mwanena nokha kuti njira imafuna manja awiri. Katundu ameneyo adzakwera kamodzi, ulendo wachiwiri adzatsala kuseri kwa chitseko.

Mabainokula a makumi awiri nawonso asiyeni. Nsanja ija sinkavina chifukwa ndi oipa. Galasi likamakuza kwambiri limakuzanso kunjenjemera kwa manja, ngakhale a mnyamata. Ntchito yanu ikufuna okuza kasanu ndi katatu kapena kakhumi, opepuka, okoloweka m'khosi, oonetsa khwawa lonse nthawi imodzi.

Koma ngakhale amenewo musagule sabata ino. Bambo, mabainokula awiri osiyana sangakhale ndi nkhungu mbali imodzimodzi. Wa shopu anapukuta galasi losalakwa. Mawa masana mukakhala pageti, phimbani diso la kumanja ndi chikhatho, muyang'ane galimoto imene yaima kutsidya la msewu. Musauze munthu ngati simukufuna. Ndikukayika ngati mudzadabwe, chifukwa munthu amene wapenya zaka makumi awiri ndi zitatu sangalephere kudziwa kuti diso lina layamba kumuthawa. Ndikuganiza kuti sikopu munaikonda chifukwa siifunsa za diso la kumanzere.

Ine si dokotala, sindinganene kuti ndi chiyani. Koma pa msinkhu wanu nkhungu yotere nthawi zambiri imakhala ng'ala, ndipo ng'ala amachotsa, munthu n'kuonanso. Pali matenda ena amene akachedwa sabwezeka, n'chifukwa chake ndikuti musadikire Ogasiti. Pitani kwa dokotala wa maso mudakali ndi khadi la chipatala la kuntchito. Mutengeni Eveless akakuwerengereni mapepala. Mwana ameneyo anakuuzani zoona mu shopu, pamene wogulitsa anasankha kungopukuta. Adokotala akanena zawo, mubwerere kushopu mukayesenso a kasanu ndi katatu aja. Akakati disolo silibwerera, gulani kagalasi kamodzi kolowa m'thumba, osati chimtolo cha miyendo itatu.

Mukagula, musakayesere pa nyumba za anthu, padoko kapena pa nyumba za boma kumeneko, mungapezeke mukuyankha mafunso m'malo mokwera ndege. Mukafika kumudzi, gulu lanu likaonane kaye ndi a zanyama zakutchire za chilolezo, ndipo malire a nkhalango yotetezedwa musawadumphe.

Chotsiriza ndicho chachikulu. Pansi pa mwala wanu pamakhala anthu ogwira mikondo, ndipo amaponya kumene nsalu yaloza. Fraser analoza chitsa, anthu anangotopa n'kuseka. Diso la nkhungu likhoza kuloza msana wa munthu wowerama m'tchire. Choncho a Walije auzeni nokha za disoli, pa foni, musanakwere ndege. Iwo sanakuitanireni galasi, aitana inu. Ndipo tsiku la uzimba mukwere ndi Fraser. Iye aziona chimene chagwedezeka, inu muzimuuza ngati ndi mphepo, chitsa kapena nyama, poti zimenezo sagulitsa ku Al Asmakh. Nsalu ikhale m'manja mwanu. Chiwindi ndi chachikulu, bambo, chikwana mbale ziwiri.

Aphungu