Timaluwa ta pa mpanda wa kubafa

Dzoole, Dowa
9 Epulo 1978

Wokondedwa mwana wanga Tabita,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko ku Nchalo, pamodzi ndi bambo a kunyumba ndi ana. Ine ndilipo, mawondo okha ndiwo akukana zitunda.

Ukukumbuka mbewu unatumizira mayi ako mu envulopu, ya ndiwo yoyanga ija, ya masamba onenepa, yoterera ngati therere? Anatisiya asanadzale. Ine ndi nzeru zanga za fodya ndinafesa theka mu Juni pamodzi ndi mpiru. Sinamere ngakhale imodzi. A Kezia oyandikana nafe anandiseka, amati mbewu ya kuchigwa siidzuka m'chisanu cha ku Dowa, ndiiviike m'madzi ndipo ndidikire dzuwa la Okutobala. Ndinamvera. Zinamera zitatu pa mpanda wa kubafa, ndipo pano zayanga mpaka pamwamba. Ndimacheza nazo, poti m'nyumba muno mulibe wondiyankha.

Ukudziwa kuti pamudzi pano ndine mkamwini. Amalume ako a Nedson anabwera pa Khirisimasi kudzanena zondisudzula kuti ndibwerere kwathu ku Chisepo. Sanalakwe, ndi mwambo. Ndinapempha kuti ndidikire mbewuyi ikhwime njere ndikutumizire, poti ndi ya mlongo wawo. Anavomera.

Tsono Tabita, ndiulule. Mwezi watha inayamba timaluwa toyera. M'mawa uliwonse ndimatithothola ndi chikhadabo n'kutikwirira. Amalume ako akadutsa amafunsa ngati njere zada, ine ndimati za kuchigwa zimachedwa. Mkulu wa mpingo ine, kunama ndi imvi kumutu.

Ku Chisepo ndinachokako zaka makumi atatu zapitazo, ndipo ondidziwa anatha. Kuno ndikafuna mayi ako ndimangoyang'ana ku nkhalango ya kumanda ndili pakhonde. Ndikuopa, mwana wanga.

Koma Juni ali pafupi. Chisanu chikafika mbewuyi idzauma, ndipo ndikapitiriza zangazi sipadzatsala njere ngakhale imodzi. Lero ndasiya nthambi imodzi osaikhudza.

Chonde uwalembere amalume ako, iwe amakumvera. Akakana, undiuze ngati kwanuko kungapezeke kachipinda. Ndimamva kuti n'kotentha zedi, koma sindidzakhala chabe, kasamalidwe ka mbewuyi tsopano ndikukadziwa.

Upereke moni kwa bambo a kunyumba, ndipo ana uwauze kuti agogo awo amawatchula mayina popemphera. Ambuye akusungeni nonse.

Ndine bambo ako,
Elifala