Katundu Amene Ndinamusenzetsa Misheck

Salisbury Lines,
Mzuzu.

Adumbu anga a Judith,

Monile. Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Zombako pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo. Tauni ikukula moti mutabwera mungasochere. Ku Msongwe kumene tinkatola nkhuni kuja ndi nyumba zokhazokha, aliyense akumanga zipinda zochititsa lendi ana a ku yunivesite.

Munafunsa za msana. Sukusintha. Adokotala akuti mafupa awiri a m'munsi anaperepeseka, ndipo ngakhale ndowa ya madzi amandinyamulira ndi alamu anu a Winifred. Koma chimene ndalembera si msana.

Mukumukumbukira Misheck, msilikali mnzanga amene anafera ku Congo chaka chatha. Akazi ake, a Keziya, anabwera kuno Lamulungu titaweruka ku tchalitchi. Anati amanga chiliza ndipo mwambo wake ndi pa 14 mwezi wamawa. Akufuna ndikalankhule ndine, poti ndine amene ndinamuona komaliza. Ndinavomera. Atapita ndinakhala pakhonde mpaka alamu anu anandifunsa ngati ndadwala.

Adumbu, anthu akationa pa perete amaganiza kuti msilikali amanyamula mfuti basi. Kunkhondo umavala chovala chotchinga zipolopolo, chisoti, kenaka chikwama chokhala ndi zipolopolo, madzi, chakudya cha m'zitini ndi mabatire a wailesi. Zonse pamodzi ndi ngati thumba la chimanga lija la makilo 50. Uyende nazo m'matope tsiku lonse. Zingwe zimadya mapewa mpaka zala kuchita dzanzi. Ukagwa chagada sungadzuke wekha, mnzako akukoke.

Tsiku limene Misheck anafa linali tsiku lathu lachinayi tili m'nkhalango. Msana unali utandigwira kale, koma ndinabisa, ndinkaopa kuti andibweza kumudzi anzanga n'kumandiseka. Titapuma masana ndinamunong'oneza Misheck. Sanayankhe zambiri. Anatsegula chikwama changa, natenga malamba awiri a zipolopolo za mfuti yaikulu ndi batire, naziika mwake. Anangoti ndidzamugulire kondowole ndi nsomba ya batala tikadzafika ku Nkhata Bay.

Sipanathe maola awiri tinafika pamtsinje. Madzi anali a m'chifuwa. Tili pakati, adani anayamba kuwombera kuchokera kutsidya la kumanzere, ndipo aliyense anathamangira kugombe. Ine ndinafika, chifukwa ndinali nditapepukidwa. Misheck anaterereka pamwala kumbuyo kwanga. Nditacheuka ndinaona dzanja lake likulimbana ndi chingwe cha pachifuwa kuti avule chikwama, kenaka sindinamuonenso. Tinamupeza mawa lake, chikwama chikadali kumsana. Analibe bala ngakhale limodzi.

A Keziya anauzidwa kuti anafa powoloka mtsinje pankhondo, ndipo ndi zoona. Za katundu wangayo sindinauzepo munthu, ngakhale alamu anu. Inu ndinu oyamba.

Chomwe chikundipweteka chomene n'chakuti mayiyo amandilemekeza. Ndikadutsa kwawo ku Katawa amandiitana, kundiphikira tiyi. Mwana wawo Rachael atasankhidwa ku yunivesite anabwera kudzandiuza atagwada, ati ine ndatsala m'malo mwa adada ake. Ndingakaime bwanji pamanda paja n'kunena zokoma zokhazokha?

Ndaganiza zokawauza a Keziya zoona zake tsikulo lisanafike. Koma kawiri konse ndafika pageti pawo n'kubwerera. Ndikukupemphani, adumbu, bwerani mudzandiperekeze. Simudzalankhula kanthu, mudzangokhala pambali panga kuti ndisasinthe nkhani pakamwa. Ngati a Keziya adzanditulutse m'nyumba, ndidzatuluka. Akadzanena kuti ndikalankhulebe, adzakhale akudziwa munthu amene amupempha.

Mundiyankhe msanga. Mupereke moni kwa alamu, kwa Temwa ndi Tumbikani, muwauze alimbikire sukulu. Chiuta akusungeni nonse, ndipo pa mapemphero anu musawaiwale a Keziya.

Yewo chomene.

Ndine mlongo wanu,
Stanford